Kuyeza matenda a dengue

Kuyeza matenda a dengue ndi ntchito yofufuza magazi a wodwala pofuna kudziwa ngati kutentha thupi kwake kwayamba chifukwa cha kachilombo ka dengue. Dengue ndi matenda ofalitsidwa ndi udzudzu wa mtundu wa Aedes. Masiku oyambirira zizindikiro zake zimafanana kwambiri ndi za malungo, tayifodi, chikungunya ndi chimfine champhamvu, kotero dokotala sangatsimikize matendawa pongomuona wodwala kapena pomva madandaulo ake okha.

Njira zoyezera zili m'magulu awiri. Gulu loyamba limafufuza kachilombo kenikeniko kapena zidutswa zake. Gulu lachiwiri limafufuza mapuloteni achitetezo, otchedwa ma antibody, omwe thupi limapanga polimbana ndi kachilomboko. Chomwe chimatsogolera posankha njira ndi tsiku limene wodwala wafika kuchipatala, kuwerengera kuchokera pamene thupi linayamba kutentha. Njira yomwe imaonetsa zoona pa tsiku lachiwiri ikhoza kulephera kupeza kanthu pa tsiku la 10, ndipo yomwe imathandiza pa tsiku la 10 nthawi zambiri sionetsa kanthu pa tsiku lachiwiri.

Ku Malawi, kuphatikizapo madera a kumadzulo kwa boma la Lilongwe monga Msundwe, Namitete, Nsaru ndi Kabudula, wodwala wotentha thupi amayamba wayezedwa malungo. Funso la dengue limabwera makamaka pamene malungo sanapezeke, kapena pamene wodwala sakupeza bwino ngakhale wamwa mankhwala a malungo.

Matenda a dengue mwachidule

Kachilombo ka dengue kali m'banja la Flaviviridae, momwe mulinso tizilombo toyambitsa yellow fever, Zika ndi West Nile. Kali ndi mitundu 4, yotchedwa DENV-1, DENV-2, DENV-3 ndi DENV-4. Munthu akadwala mtundu umodzi n'kuchira, thupi lake limatetezedwa ku mtundu umenewo kwa nthawi yaitali, koma ku mitundu itatu inayo chitetezocho chimakhala cha kanthawi kochepa. Choncho munthu akhoza kudwala dengue kangapo pa moyo wake, ndipo kudwala kachiwiri ndi mtundu wina kumawonjezera chiopsezo chodwala mwakayakaya.

Udzudzu womwe umafalitsa kwambiri matendawa ndi Aedes aegypti, wotsatira ndi Aedes albopictus. Ndi udzudzu wakuda wa mizere yoyera m'miyendo. Umasiyana ndi Anopheles wofalitsa malungo chifukwa umaluma masana, makamaka m'mawa ndi madzulo dzuwa lisanalowe, ndipo umaswana m'madzi okhala m'zinthu za pakhomo monga migolo, ndowa, mitsuko, zitini ndi matayala akutha. N'chifukwa chake kugona m'masikito usiku, ngakhale kumateteza ku malungo, sikukwanira poteteza munthu ku dengue.

Zizindikiro zimayamba pakadutsa masiku 4 mpaka 10 munthu atalumidwa. Anthu ambiri otenga kachilomboka saonetsa chizindikiro chilichonse kapena amangodwala pang'ono. Amene adwala amatentha thupi mwadzidzidzi, nthawi zina kufika madigiri 40, mutu umawawa kwambiri, kumbuyo kwa maso kumapweteka, thupi ndi mfundo za mafupa zimaphwanya, ndipo ena amachita nseru, kusanza kapena kutuluka totupa tofiira pakhungu.

M'chaka cha 2009 bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization, lomwe limadziwika mwachidule kuti WHO, linagawa odwala m'magulu atatu: dengue yopanda zizindikiro zochenjeza, dengue ya zizindikiro zochenjeza ndi dengue yoopsa. Zizindikiro zochenjezazo ndi izi:

- kupweteka kwambiri m'mimba
- kusanza kosalekeza
- kudzadza madzi m'mimba kapena m'chifuwa
- kutuluka magazi m'nkhama kapena m'mphuno
- kufooka kwambiri kapena kusakhazikika
- kutupa kwa chiwindi
- kulimba kwa magazi pamene ma platelet akutsika msanga

Kufunika kwa kuyeza

Palibe mankhwala opha kachilombo ka dengue. Ngakhale zili choncho, kudziwa kuti wodwala ali ndi dengue kumasintha chithandizo m'njira zingapo.

Choyamba ndi mankhwala oletsa ululu. Wodwala dengue amapatsidwa panado basi. Asipilini, bulufeni ndi diclofenac, omwe anthu ambiri amagula m'magolosale akamva kuphwanya m'thupi, amawonjezera chiopsezo chotaya magazi mkati mwa thupi.

Chachiwiri ndi nthawi yoopsa. Pa matenda ambiri, thupi likazizira ndiye kuti munthu wayamba kuchira. Pa dengue, nthawi imene kutentha kukutsika, nthawi zambiri pakati pa tsiku lachitatu ndi la 7, ndi pamene odwala ena amayamba kutaya madzi a m'magazi kudzera m'timitsempha ting'onoting'ono. Gawo limeneli limatenga maola 24 mpaka 48. Madziwo akatuluka ambiri, magazi sayenda mokwanira ndipo wodwala akhoza kukomoka n'kumwalira. Dokotala wodziwa kuti akulimbana ndi dengue sathamangira kutulutsa wodwala chifukwa choti thupi lazizira. Amamuyang'anira, namupatsa madzi a dilipi pa mlingo woyenera, pakuti madzi ochepa ndi madzi opyola muyezo onse ndi oopsa. Pomwe chisamaliro chotere chilipo, omwalira amachepa kufika pansi pa munthu mmodzi pa odwala 100 alionse.

Chachitatu ndi kupewa kumwa mankhwala a malungo ndi maantibayotiki popanda chifukwa. Chachinayi ndi kuteteza anthu ena. Wodwala amene magazi ake muli kachilombo akalumidwa ndi udzudzu wa Aedes, udzudzuwo umatha kupatsira ena pakadutsa masiku 8 mpaka 12. Odwala ochepa otsimikizika ndi omwe amadziwitsa akuluakulu a zaumoyo kuti mliri wayamba.

Matendawa akuchulukirachulukira padziko. M'chaka cha 2000 mayiko anauza WHO za odwala pafupifupi 500,000, mu 2019 chiwerengerochi chinafika 5.2 miliyoni, ndipo mu 2024 chinaposa 14 miliyoni. Kafukufuku yemwe anasindikizidwa m'magazini ya sayansi ya Nature mu 2013 anayerekeza kuti anthu pafupifupi 390 miliyoni amatenga kachilomboka chaka chilichonse, ndipo 96 miliyoni mwa iwo amaonetsa zizindikiro. Kusiyana kwakukulu pakati pa ziwerengerozi kukusonyeza kuchuluka kwa odwala amene sayezedwa n'komwe.

Zomwe zimachitika m'magazi tsiku ndi tsiku

Kuti munthu amvetse njira zoyezera, ayenera kudziwa zinthu zinayi zomwe zimaonekera ndi kuzimiririka m'magazi pa nthawi zosiyana. Masiku amawerengedwa kuyambira tsiku limene thupi linayamba kutentha.

Kachilombo kenikeniko kamakhala kochuluka m'magazi masiku 4 kapena 5 oyambirira, kenako kamachepa msanga pamene kutentha kukutsika.

Puloteni yotchedwa NS1, yomwe maselo ogwidwa ndi kachilombo amatulutsira m'magazi, imapezeka kuyambira tsiku loyamba. Mwa munthu amene akudwala dengue koyamba ikhoza kupezekabe mpaka cha pa tsiku la 9.

Ma antibody a mtundu wa IgM amabwera mochedwerapo. Malinga ndi ndondomeko za WHO za 2009, amapezeka mwa theka la odwala pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu, mwa odwala 80 pa 100 alionse pofika tsiku lachisanu, ndi mwa 99 pa 100 pofika tsiku la 10. Amachuluka kwambiri pakatha masabata awiri, kenako amachepa mpaka kusaonekanso pakatha miyezi iwiri kapena itatu.

Ma antibody a mtundu wa IgG amayamba kuoneka pang'ono kumapeto kwa sabata yoyamba mwa wodwala koyamba, ndipo amakhala m'thupi kwa zaka zambiri. Mwa munthu amene anadwalapo kale dengue zinthu zimayenda mosiyana: IgG imakwera msanga ndiponso kwambiri kuyambira masiku oyambirira, IgM imakhala yochepa kapena sioneka, ndipo NS1 imazimiririka msanga.

Pakati pa tsiku la 4 ndi la 6 pamakhala kampata kovuta, pomwe kachilombo kakuchepa koma IgM isanakwere mokwanira. Kampata kameneka kamagwa pa nthawi yomweyo imene wodwala ali pachiopsezo chachikulu.

Njira zofufuza kachilombo

Njira ya RT-PCR imafufuza chibadwa cha kachilombo, chotchedwa RNA, pochichulukitsa m'makina mpaka chioneke. Ndi njira yodalirika kwambiri m'masiku 5 oyambirira, ndipo ikhoza kuthandizabe mpaka tsiku la 7. Imatha kusonyeza mtundu wa dengue womwe wodwala ali nawo, chinthu chofunika pa nthawi ya mliri. Palinso zoyezera za PCR zomwe zimafufuza dengue, chikungunya ndi Zika pa nthawi imodzi. Vuto lake ndi lakuti imafuna makina okwera mtengo, magetsi odalirika ndi akatswiri a mu labotale. RNA imaonongeka msanga ndi kutentha, choncho magazi oti ayezedwe amasungidwa pa madigiri 4 mpaka 8 ngati afike ku labotale pasanathe maola 24, ndipo akafuna kusungidwa nthawi yaitali amaumitsidwa pa madigiri 70 pansi pa ziro.

Kuyeza NS1 kumachitika m'njira ziwiri: pa makina a mu labotale mwa njira yotchedwa ELISA, yomwe imatenga maola angapo, kapena pa kachipangizo ka msanga kofanana ndi koyezera malungo, komwe kamaonetsa zotsatira m'mphindi 15 mpaka 20. NS1 ikapezeka mwa munthu wotentha thupi, pamakhala umboni wamphamvu wakuti ali ndi dengue. Koma ikapanda kupezeka sizitanthauza kuti dengue palibe, makamaka mwa munthu amene akudwala kachiwiri, chifukwa ma antibody ake akale amagwira puloteniyo n'kuibisa. Tizipangizo tambiri timavutikanso kupeza NS1 ya mtundu wa DENV-4.

Kulera kachilombo ndi njira yakale yomwe akatswiri amaika magazi a wodwala m'maselo a udzudzu oleredwa mu labotale, n'kudikira kuti kachilomboko kaswane. Imatenga sabata imodzi kapena awiri, choncho sithandiza wodwala amene ali pabedi. Imagwiritsidwa ntchito pa kafukufuku.

Njira zofufuza ma antibody

Kuyambira tsiku lachisanu kupita m'tsogolo, njira yaikulu ndi kuyeza IgM, pa ELISA kapena pa kachipangizo ka msanga. IgM ikapezeka pa magazi otengedwa kamodzi kokha, madokotala amati n'kutheka kuti ndi dengue, osati kuti zatsimikizika. Chifukwa chake n'chakuti IgM imakhala m'magazi kwa miyezi, kotero ikhoza kukhala yotsalira ku matenda a mwezi watha pamene kutentha kwa lero kwayamba ndi chinthu china.

Kutsimikiza kudzera mu ma antibody kumafuna magazi otengedwa kawiri: koyamba pamene munthu akudwala, kachiwiri pakadutsa masabata pafupifupi awiri. Ngati IgM kunalibe poyamba koma yaoneka kachiwiri, kapena IgG yachuluka kanayi kapena kuposerapo, ndiye kuti dengue yatsimikizika. Njirayi ndi yovuta kumadera akumudzi, chifukwa munthu amene wachira kawirikawiri sabwereranso kuchipatala kukangopereka magazi, makamaka nthawi ya ntchito zakumunda.

Vuto lina ndi lakuti tizilombo ta m'banja la dengue timafanana, ndipo ma antibody olimbana ndi kamodzi amathanso kugwira kena. Munthu amene anadwalapo Zika kapena West Nile, ngakhalenso amene anabayitsa katemera wa yellow fever pokonzekera ulendo wa kunja, akhoza kuoneka ngati ali ndi ma antibody a dengue. Zoyezera zina za IgM zapezekanso zikuonetsa zabodza mwa odwala malungo, chinthu chofunika kuchikumbukira m'dziko ngati Malawi. Njira yomwe imasiyanitsa bwino tizilomboti ndi yotchedwa PRNT, yomwe imaona ngati magazi a munthu akutha kulepheretsa kachilombo kamoyo kuononga maselo. Imachitika m'malabotale akuluakulu okha ndipo imatenga masiku ambiri.

Pofuna kutseka kampata ka pakati pa tsiku la 4 ndi la 6, makampani amapanga tizipangizo tophatikiza NS1, IgM ndi IgG m'paketi imodzi. Tizipangizoti timasiyana kudalirika kwake malinga ndi wopanga, ndipo tambiri timafuna kusungidwa pamalo osapyola madigiri 30. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, chipinda chofoleredwa ndi malata chikhoza kutentha kuposa pamenepo.

Kuyeza kwina kothandiza m'wodi

Kwa wodwala amene wagonekedwa, kudziwa dzina la matenda n'kosakwanira. Chomwe chimatsogolera chithandizo cha ola ndi ola ndi kuwerenga maselo a m'magazi, komwe zipatala zokhala ndi labotale zimachita tsiku ndi tsiku.

Maselo oyera a m'magazi amatsika m'masiku oyambirira a dengue, nthawi zambiri kufika pansi pa 5,000 pa mayikirolita imodzi. Izi zimasiyana ndi matenda ambiri oyamba ndi mabakiteriya, omwe amakweza maselo oyera.

Ma platelet, tizidutswa tothandiza magazi kuundana munthu akavulala, amakhala pakati pa 150,000 ndi 400,000 mwa munthu wathanzi. Pa dengue amatsika, ndipo akagwa msanga kufika pa 100,000 kapena pansi, ndi chenjezo lakuti nthawi yoopsa yayandikira. Koma malungo nawonso amatsitsa ma platelet, choncho kutsika kokhako sikusiyanitsa matenda awiriwa.

Muyezo wotchedwa haematocrit umasonyeza gawo la magazi lomwe ndi maselo ofiira. Madzi a m'magazi akamatuluka m'mitsempha, maselo ofiira amatsala othithikana ndipo muyezowu umakwera. Ukakwera ndi magawo 20 pa 100 kuyerekeza ndi mmene unalili poyamba, ndi umboni wakuti madzi akutayika. Apa n'kofunika kuyeza tsiku loyamba lomwe wodwala wafika, kenako n'kubwereza. Mwana kapena mayi woyembekezera amene ali kale ndi vuto la kuchepa magazi akhoza kukhala ndi muyezo wooneka wabwinobwino, chikhalirecho wakwera kwambiri kuchokera pomwe unali. Pa malungo oopsa muyezowu kawirikawiri umatsika, chifukwa tizilombo ta malungo timaphwanya maselo ofiira.

Palinso njira yosafuna labotale. Namwino amamanga pamkono lamba wa makina oyezera BP, n'kumupopa mpaka pakati pa nambala yapamwamba ndi yapansi ya BP ya wodwalayo, n'kudikira mphindi 5. Kenako amawerenga timadontho tofiira ta magazi totuluka pansi pa khungu, pa kamalo kotalika masentimita 2.5 mbali zonse. Timadontho 10 kapena kuposerapo timasonyeza kuti timitsempha tafooka, ngakhale ndondomeko zina zakale zinkati 20. Njirayi imangopereka chithunzithunzi. Odwala dengue ambiri saonetsa timadonthoti, matenda ena amathanso kutitulutsa, ndipo pakhungu lakuda timavuta kuona.

Dengue m'mayiko oyandikana ndi Malawi

Dengue si matenda achilendo ku Africa. Miliri yofanana ndi dengue inalembedwa ku Zanzibar m'zaka za 1823 ndi 1870, ndi ku Durban mu 1926 ndi 1927. Akatswiri ena amakhulupirira kuti dzina lakuti dengue linachokera ku mawu a Chiswahili onena za kukokana kwa thupi koyambitsidwa ndi mzimu woipa. Kachilomboka kanapezeka koyamba mu labotale ku Japan mu 1943, ndi Ren Kimura ndi Susumu Hotta, ndipo ku Africa kanapezeka koyamba m'magazi a odwala ku Nigeria m'zaka za m'ma 1960.

Ku Mozambique, mzinda wa Pemba unagwidwa ndi mliri wa DENV-3 mu 1984 ndi 1985. Mu 2014 matendawa anabukanso ku Pemba ndi ku Nampula, ulendo uno ndi DENV-2. Ku Tanzania, mzinda wa Dar es Salaam unaona miliri mu 2014 ndi 2019, ndipo mu 2019 dzikolo linalemba odwala oposa 6,000. Kumadzulo kwa Africa, dziko la Burkina Faso linalemba anthu oganiziridwa kuti ali ndi dengue oposa 150,000 mu 2023, ndipo pafupifupi 700 anamwalira.

Mizinda imeneyi ndi yolumikizana ndi Malawi. Mafuta a galimoto, feteleza, magalimoto ndi katundu wa malonda zimalowa m'dziko muno kuchokera ku Dar es Salaam kudzera pa chipata cha Songwe, ndiponso kuchokera ku doko la Nacala kudzera m'chigawo cha Nampula. Madalaivala a mathiraki ndi anthu ochita malonda amayenda m'njira zimenezi chaka chonse, ndipo ulendo wake umatha nthawi yoti zizindikiro ziyambe isanakwane. Udzudzu wa Aedes aegypti umapezeka m'madera ambiri a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, kuphatikizapo Malawi.

Kuyeza ku Malawi ndi m'dera la Msundwe

M'Chichewa, mawu akuti malungo amatanthauza matenda oyamba ndi tizilombo ta Plasmodium, komanso anthu amawagwiritsa ntchito ponena kutentha ndi kuphwanya thupi kwa mtundu uliwonse. Kwa zaka zambiri zipatala nazo zinkapereka mankhwala a malungo kwa pafupifupi aliyense wotentha thupi. Mu 2010 bungwe la WHO linalangiza kuti munthu aziyamba wayezedwa asanalandire mankhwalawa, ndipo mu 2011 dziko la Malawi linafalitsa tizipangizo toyezera malungo msanga m'zipatala zake. Kuyambira pamenepo panaonekera gulu lalikulu la odwala otentha thupi amene alibe malungo. Kafukufuku wa ana 1,005 otentha thupi ku Dar es Salaam ndi Ifakara m'dziko la Tanzania, yemwe anasindikizidwa mu 2014, anapeza kuti malungo ndiwo anali gwero mwa ana pafupifupi 10 pa 100 alionse, pamene ambiri ankadwala matenda oyamba ndi mavayirasi.

Msundwe ndi malo ochitira malonda pa msewu wa M12, womwe umachokera mumzinda wa Lilongwe kudutsa Mpingu ndi Namitete kupita ku Mchinji ndi ku malire a Zambia. Wodwala wa m'derali amayambira kwa alangizi a zaumoyo kapena ku chipatala chaching'ono, komwe amayezedwa malungo pobayidwa chala. Akafunika kugonekedwa kapena kuyezedwa magazi mozama amatumizidwa ku zipatala monga St Gabriel's ku Namitete, chipatala cha mpingo wa Katolika chomwe chinakhazikitsidwa mu 1959, kapena chipatala cha boma cha Kabudula. Odwala kwambiri amapititsidwa ku Kamuzu Central Hospital mumzinda wa Lilongwe, chomwe chinatsegulidwa mu 1977.

Kachipangizo koyezera dengue sikali m'gulu la zida zomwe zipatala zazing'ono zimagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku monga kalili ka malungo. Choncho sitepe yoyamba imakhala kukayikira kwa dokotala kapena namwino, ndipo mafunso awiri ndi omwe amathandiza kwambiri: thupi linayamba liti kutentha, ndipo wodwala anayenda kuti m'masabata awiri apitawa. Mwachitsanzo, wamalonda amene wabwera kuchokera ku Dar es Salaam masiku 5 apitawo, watentha thupi kwa masiku awiri, akumva kuwawa kumbuyo kwa maso, malungo sanapezeke ndipo maselo oyera ndi ma platelet atsika, ndi woyenera kuyezedwa NS1 kapena PCR msanga. Munthu yemweyo akafika pa tsiku la 8, choyenera ndi IgM. Kutentha thupi komwe kwayamba patadutsa masiku oposa 14 munthu atachoka kumalo a mliri sikukhala kochokera ku ulendowo.

Kupezeka ndi malungo sikutseka nkhani. Tizipangizo tambiri toyezera malungo timafufuza puloteni yotchedwa HRP2, yomwe imatsala m'magazi kwa masabata angapo munthu atachira. Komanso m'madera a malungo ambiri, anthu ena amakhala ndi tizilombo ta malungo m'magazi osadwala, ndipo n'zotheka kudwala malungo ndi dengue nthawi imodzi. Wodwala amene wamaliza masiku atatu a mankhwala a LA koma akutenthabe thupi, kapena wayamba kuonetsa zizindikiro zochenjeza, amafunika kuunikidwanso. Matenda ena oyenera kuwaganizira ndi tayifodi, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, matenda oumitsa khosi, chikuku ndi chikungunya, yomwe inapezeka koyamba kum'mwera kwa Tanzania mu 1952 ndipo imafalitsidwa ndi udzudzu womwewo wa Aedes.

Kutsimikiza matenda omwe angayambitse mliri ndi udindo wa Unduna wa Zaumoyo kudzera ku bungwe la Public Health Institute of Malawi, lomwe lili ndi labotale yaikulu ya dziko lonse mumzinda wa Lilongwe. Chipatala chikakayikira matenda otere chimadziwitsa ofesi ya zaumoyo ya boma lake potsatira ndondomeko yolondoloza matenda yotchedwa IDSR, ndipo magazi amatumizidwa ku labotale ali m'bokosi lozizira, pamodzi ndi fomu yolembedwapo tsiku lomwe matenda anayamba, tsiku lomwe magazi atengedwa ndi malo omwe wodwala anayendako. Popanda masiku amenewa, katswiri wa mu labotale sangadziwe njira yoyenera kuyezera kapena tanthauzo la zotsatira. Kuyandikira kwa Msundwe ku Lilongwe kumathandiza kuti magazi afike tsiku lomwelo, ngakhale nthawi ya dzinja misewu yafumbi yochokera m'midzi yakutali imavuta kuyendamo. Dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndi nyengo yomwenso udzudzu wa mitundu yonse iwiri umachuluka.

Wodwala woganiziridwa kuti ali ndi dengue sadikira zotsatira kuti ayambe kuthandizidwa. Amapatsidwa zakumwa zambiri ndi panado, amayezedwa magazi mobwereza, ndipo amagona m'masikito usana ndi usiku sabata yoyamba kuti udzudzu usatenge kachilombo kwa iye n'kukapatsira odwala ena m'wodi kapena abale ake kunyumba.

Kuyeza ndi katemera

Kuyeza IgG kunakhala kofunika mwa njira ina chifukwa cha katemera. Katemera woyamba wa dengue, Dengvaxia wa kampani ya Sanofi Pasteur, anavomerezedwa koyamba ku Mexico mu 2015. Mu 2017 kampaniyo inalengeza kuti anthu amene anabayidwa asanadwalepo dengue anali pachiopsezo chokulirapo chodwala kwambiri akadzatenga kachilomboka pambuyo pake. Mu 2018 bungwe la WHO linalangiza kuti anthu aziyamba ayezedwa magazi, ndipo katemerayu aziperekedwa kwa okhawo amene anadwalapo kale. Katemera wachiwiri, Qdenga wa kampani ya Takeda, analowa pa mndandanda wa akatemera ovomerezeka ndi WHO mu 2024, ndipo amalimbikitsidwa kwa ana a zaka 6 mpaka 16 m'madera momwe dengue imafala kwambiri. Kuti dziko lidziwe ngati lili m'gulu la madera otere, limadalira chiwerengero cha odwala otsimikizika ndi kafukufuku wa IgG pakati pa anthu ake.

Onaninso

- Malungo
- Chikungunya
- Udzudzu
- Tayifodi
- Boma la Lilongwe